Kakhadi ka Mabokosi 24 ndi Nkhope za Ana Athu

Aphunzitsi anzanga, ndi inu ana anga akale amene mumanditchabe "mdala wa Physical Science" ngakhale phunzirolo linagawidwa kalekale kukhala Physics ndi Chemistry. Ndilipo, ndikadali wamoyo. Papita nthawi ndithu ndisanalembe, koma chifukwa chake mukuchidziwa kale: teremu yachitatu, mayeso oyeserera, ndi mulu wa mapepala oti ndichonge umene sutha.

Sabata yathayi ndimajambula a Fomu 4 monga ndimachitira chaka chilichonse asanalembe MSCE. Mphunzitsi wina watsopano, mnyamata wangomaliza kumene sukulu ya uphunzitsi, anaima pambali n'kumaseka. Chinamuseketsa n'chakuti ndisanayambe kujambula ndinapatsa mwana mmodzi kakhadi ka mabokosi amitundumitundu kuti akagwire pansi pa chibwano. Iye anati, "Akulu, bwanji mukuwajambula anawa ngati akaidi a kupolisi?" Ndinasekanso nawo, kenaka ndinamulonjeza kuti ndimuyankha bwino tsiku lina. Yankho lake ndi lalitali, ndiye ndaona kuti ndilembe pano kuti nonse mumve.

Amene munakula m'zaka za m'ma 1990 ngati ine mukukumbukira wojambula zithunzi wapanjinga. Ankabwera Loweruka, kamera ili m'khosi, chikwama cha maenvulopu chili pakaliyala. Tinkabwerekana nsapato, ena ankabwereka wailesi yoti anyamule, n'kukaima pafupi ndi maluwa a kwa ahedi. Filimu ikadzadza ankapita nayo kutauni kukatsukitsa, ndipo tinkadikira masabata awiri kapena atatu. Zithunzi zikabwera, malaya ankaoneka bwino, maluwa ankaoneka bwino, wailesi inkaoneka bwino kwambiri. Koma nkhope zambiri zinkangokhala mdima wokhala ndi mano ndi maso. Palibe ankadandaula. Tinkangonyozana kuti "iwe ndiye ndiwe wakuda bii, ngakhale kamera yakukana." Tinkakhulupirira kuti vuto ndi khungu lathu.

Nditayamba kuphunzitsa ndinasunga ndalama pang'onopang'ono, ndipo mu 2010 ndinagula kakamera ka digito kakaunjika. Kuyambira pamenepo ndinasanduka wojambula wa pasukulu popanda wondisankha. Masewero, tsiku lotsanzikana ndi a Fomu 4, alendo akabwera, onse ankati "itanani a sayansi aja." Ndinkajambula mmene aliyense amajambulira: kuwaimika ana pabwalo, dzuwa lili paliwombo, kuwauza kuti asekerere, n'kudina.

Mu 2017 ndinajambula kalasi ina motero. Anali ana oposa makumi asanu ndi limodzi, onse atavala malaya oyera a yunifolomu, kumbuyo kwawo kuli khoma lopakidwa laimu. Chithunzicho ndinachisunga mu kompyuta n'kuiwala. Patangopita miyezi yochepa mayeso atatha, mtsikana wina wa m'kalasiyo anadwala n'kumwalira, zotsatira zisanatuluke n'komwe. Sinditchula dzina lake, amene munali naye m'kalasi mukumudziwa. Maliro atadutsa, mayi ake anayenda wapansi kuchokera kumudzi kudzandipeza. Anakhala pansi pakhonde, anakana mpando, n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ndamva kuti inu munawajambulapo anawa. Kunyumba kulibe chithunzi chake chilichonse atakula. Ndimati mwina mundithandize."

Ndinathamangira kukatenga laputopu ndili wokondwa kuti pali kanthu kamene ndingachite. Ndinatsegula chithunzi chija, n'kuchikulitsa pamzere wachiwiri pamene mwanayo anaima. Anzanga, panalibe nkhope. Panali kolala yoyera mbee, pamwamba pake chinthu chakuda chooneka ngati mutu, ndi timadontho tiwiri pamalo a maso. Mayi aja anayang'anitsitsa nthawi yaitali. Kenaka analoza ndi chala n'kuti, "Ndi uyu. Ndamudziwira mapewa, amaima ngati bambo ake." Anandithokoza, anapempha kuti ndiwatsukitsirebe chomwecho, ndipo ndinawatsukitsira. Koma usiku umenewo tulo sindinatione. Mwana ndinamuphunzitsa zaka zinayi, ndinali ndi kamera m'manja, iye ataima patsogolo panga akusekerera, ndipo ndinalephera kusunga nkhope yake. Ndinayesa kuwalitsa chithunzicho pa kompyuta, koma chinkangotuwa n'kutuluka timachenga. Chimene kamera sinatole, kompyuta singachibweze. Madzi akatayika saoleka.

Chaka chotsatira kunabwera mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa kale, yemwe pano amajambula mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe ku Lilongwe. M'kalasi sanali wa pamwamba, ndipo ndinkamukalipira kawirikawiri chifukwa chojambula zidole kumbuyo kwa kope. Ndinamufotokozera nkhaniyi. Anapempha kuona chithunzicho, n'kupukusa mutu. "Sala, apa kamera sinalakwe. Inachita zimene munaiuza. Munaipatsa malaya oyera ndi khoma loyera, ndiye inateteza malayawo n'kutaya nkhope." Atatero anatulutsa m'chikwama kakhadi kaja. Tsiku limenelo ine ndi amene ndinakhala pa desiki, iye ataima kutsogolo.

Ndifotokoze zimene anandiphunzitsa, pamodzi ndi zimene ndinawerenga pambuyo pake, chifukwa zambiri mwa izo ndi sayansi imene timaphunzitsa kale m'kalasi koma osaigwiritsa ntchito.

Choyamba ndi kuchuluka kwa kuwala. Kamera ikakhala pa otomatiki imayeza kuwala kochokera pa zonse zimene ikuona, n'kuyesetsa kuti zonsezo zikaphatikizidwa zifanane ndi mtundu wotuwa wapakatikati, wonga phulusa. Ojambula amati kutuwa kumeneku kumabweza pafupifupi 18 pa 100 ya kuwala kumene kwagwerapo. Tsono mukaiika kamera patsogolo pa malaya oyera makumi asanu ndi limodzi ndi khoma la laimu, imaona ngati kwawala mopitirira muyeso, ndiye imachepetsa kuwala kolowa. Malaya amatuluka bwino, koma khungu lakuda, limene limabweza kuwala kochepa, limamira mumdima. Onjezerani dzuwa la paliwombo limene limaponya mthunzi m'maso ndi pansi pa mphuno, basi nkhope yatha.

Chachiwiri ndi mtundu wa kuwalako. Timangoti "kuwala" ngati n'kumodzi, koma sikofanana. Kandulo imatulutsa kuwala kofiirira, babu yakale ija yawaya mkati imatulutsa kwachikasu, dzuwa la masana limatulutsa koyera, ndipo mumthunzi kapena kukachita mitambo kuwala kumapendekera ku buluu. Zimenezi amaziyeza ndi Kelvin, yemwe uja timavutitsa naye ana pa mutu wa kutentha. Kandulo ili pafupifupi pa 1900, babu yakale pafupifupi 2700, dzuwa la masana pafupifupi 5500, ndipo kunja kwa mitambo kumafika 6500 kapena kupitirira. Ife sitiona kusiyanaku chifukwa ubongo wathu umakonza wokha. Pepala loyera timaliona loyera kaya tili panja kaya tili pa nyali ya koloboyi. Koma amayi athu amadziwa kuti diso limanamizika. N'chifukwa chake pogula chitenje m'sitolo amatuluka nacho pakhomo kuti achione padzuwa asanapereke ndalama. Kamera nayo imayesa kukonza, ndipo kukonzako amakutcha white balance, koma imachita kulota. Ilibe njira yodziwira ngati khoma ndi lachikasu kapena ngati ndi loyera lowalitsidwa ndi babu yachikasu.

Apa ndi pamene kakhadi kaja kamagwira ntchito. Dzina lake ndi ColorChecker. Kanayamba mu 1976 ku America, ndipo anakapanga ndi akatswiri atatu, McCamy, Marcus ndi Davidson, a kampani ya Macbeth, n'chifukwa chake ojambula akale amangokatchula kuti Macbeth. Masiku ano kamagulitsidwa ndi dzina la Calibrite, ndipo makampani ena amapanganso makhadi ofanana nako. Kali ndi mabokosi 24, mizere inayi ya mabokosi asanu ndi limodzi. Mzere wapamwamba ukutsanzira zinthu zachilengedwe: khungu lakuda, khungu loyera, thambo, masamba, duwa la buluu ndi mtundu wina wapakati pa buluu ndi wobiriwira. Mizere iwiri yapakati ili ndi mitundu yowala monga olenji, wofiira, wachikasu, wobiriwira ndi buluu. Mzere wapansi umayamba ndi woyera, n'kumatuwa pang'onopang'ono mpaka wakuda. Chinsinsi chake n'chakuti bokosi lililonse linapakidwa utoto woyezedwa, ndipo manambala a mtundu wake ndi odziwika. Ndiye mukakajambula pamalo pamene pali munthu, mumakhala ndi mboni m'chithunzimo. Ngati bokosi lotuwa latuluka lobiriwira, mukudziwa kuti nkhope nayonso yabiriwira ndi muyeso womwewo. Mukakonza bokosilo kuti libwerere mwakale, nkhope imabwereranso.

Kwa ife a sayansi zimenezi si zachilendo. Ndi zomwe timachita ndi universal indicator: timayerekeza mtundu wa madzi a mu test tube ndi tchati cha pH chimene tikuchidziwa kale. Ndi zomwenso amachita wogula chimanga wachilungamo, kuyamba wayesa sikelo yake ndi mwala wodziwika kulemera.

Nditayamba kuwerenga mbiri ya zimenezi ndinapeza nkhani imene inandikumbutsa wojambula wapanjinga uja. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 kampani ya Kodak inkatumiza kwa otsuka zithunzi khadi lina loyesera makina awo. Pakhadipo panali chithunzi cha mzimayi wachizungu, ndipo makhadiwo anatchuka ndi dzina loti Shirley, potengera mayi woyamba kujambulidwapo, Shirley Page. Wotsuka zithunzi ankasintha makina ake mpaka khungu la mayiyo lioneke bwino, basi n'kuyamba kutsuka zithunzi za aliyense ndi muyeso umenewo. Mayi wina wofufuza wa ku Canada, Lorna Roth, analemba za mbiri imeneyi mu 2009. Iye anafotokoza kuti ena mwa amene anakakamiza kampaniyo kukonza filimu yake kuti izionetsa bwino mitundu yoderapo anali opanga mipando ndi opanga chokoleti, amene ankadandaula kuti pazithunzi zotsatsira malonda matabwa awo ndi chokoleti chawo sizinkasiyanitsika. Taganizani, anzanga. Thabwa ndi chokoleti zinamveka msanga kuposa anthu. Khadi lokhala ndi amayi atatu a makungu osiyana linadzatuluka cha m'ma 1990.

Sindikunena kuti mdima wonse wa zithunzi zathu zakale unachokera kwa Shirley. Dzuwa la paliwombo ndi malaya oyera zinali ndi gawo lake lalikulu, ndipo chithunzi changa cha 2017 chinalibe filimu n'komwe, wolakwa ndinali ine. Koma nkhaniyi inandichotsa bodza limene ndinakula nalo. Khungu lathu silinali lovuta kujambula. Sikelo ndi imene inayesedwa ndi mwala wa eni ake. Masiku ano zinthu zasinthako. Opanga mafoni a Tecno ndi itel, amene ali m'matumba mwa ambiri a ife, anatchuka ndi kukonza makamera awo poganizira khungu lakuda. Google nayo inatulutsa zimene inazitcha Real Tone mu 2021, ndipo mu 2022 inayamba kugwiritsa ntchito muyeso wa makungu khumi wopangidwa ndi Ellis Monk wa ku Harvard. Komabe foni imalota ndithu, ndipo ikalota molakwa palibe amakuuzani.

Mnyamata uja pochoka anandisiyira kakhadi kake kakale, kakang'ono kokwana m'thumba la malaya, ponena kuti wagula katsopano. Kuyambira 2018 ndimajambula motere, ndipo amene mumajambula pasukulu zanu mukhoza kutengapo zimene zingakuthandizeni.

Sindijambulanso masana. Ndimadikira m'mawa dzuwa lisanakwere kapena madzulo likapendeka, apo ayi ndimawaimika ana mumthunzi wa nyumba, nkhope zitayang'ana kumene kuli thambo. Pansi pa mtengo wa mango pamaoneka pabwino, koma masamba amathira kubiriwira pankhope, ndipo kuwala kodutsa m'masamba kumapanga mawangamawanga. Dothi lathu lakatondo nalo limabweza kufiira pansi pa chibwano. Ndimapewanso khoma loyera kumbuyo. Kenaka mwana mmodzi amagwira kakhadi pafupi ndi nkhope, kataongoka, kosanyezimira, m'kuwala komweko kumene kukugwera anzake. Ndimawonjezera kuwala pa kamera mpaka nkhope zioneke bwino, koma ndikuyang'anira kuti bokosi loyera lisapse n'kufanana ndi lotsatana nalo, komanso kuti mabokosi awiri akuda akumapeto azisiyanitsika. Zikatero ndimajambula chithunzi chimodzi chokhala ndi khadi, n'kulichotsa, n'kujambula zina zonse osasintha kanthu. Tikasuntha malo kapena mtambo ukaphimba dzuwa, khadi limabwereranso.

Madzulo pa kompyuta ndimatsegula chithunzi cha khadi chija mu pulogalamu yaulere yotchedwa darktable, n'kuiuza kuti bokosi lotuwa ili ndi lotuwadi. Imakonza, ndipo ndimakopera kukonzako ku zithunzi zina zonse za pamalopo. Ngati kamera yanu imatha kusunga zithunzi mwa RAW, gwiritsani ntchito imeneyo, chifukwa imasunga zambiri zimene JPEG imataya. Wa mavidiyo uja amachita chimodzimodzi mu DaVinci Resolve. Akuti paukwati amakhala ndi makamera awiri osiyana, ndipo popanda khadi diresi la mkwatibwi limatuluka loyera pa kamera ina, lachikasu pa inzake, eni ukwati n'kukana kumaliza malipiro.

Ndikudziwa funso limene likubwera: ndalama zake zichokera kuti pa malipiro a mphunzitsi? Zoona, khadi lenileni ndi lodula, ndipo ine sindikanaligula. Koma musataye mtima. Gawo lalikulu la vutoli limatha ndi malo oimika ana ndi nthawi yojambulira, zimene n'zaulere. Pafoni, dinani pankhope ya munthu musanajambule kuti foniyo iyeze kuwala pamenepo, osati pamalaya. Khadi lotuwa lokha, lopanda mitundu ina, n'lotsikirapo mtengo ndipo limakwanira pa white balance. Pepala loyera la fotokope limathandizako pakasowa china, kungoti mapepala ambiri amathiridwa mankhwala owalitsa amene amawapendeketsa ku buluu. Chimene sindikulangizani ndi kutenga chithunzi cha khadili pa intaneti n'kukachipulinta. Ndinayesapo. Inki ya pulinta ili ndi maganizo akeake, ndipo mumakhala mukuyesa sikelo ndi mwala wabodza. Amene muli nalo khadi lenileni, musaligwire pamabokosi ndi zala, ndipo muzilisunga motsekera, chifukwa dzuwa ndi thukuta zimasintha utoto. Langali lakalamba, ndikudziwa kuti silikunenanso zoona zenizeni ngati kale, koma likuposabe kulota. Pomaliza, potumiza zithunzi pa WhatsApp muzizitumiza ngati document, apo ayi zimafinyidwa ndipo ntchito yanu ina imapita pachabe.

Pali chinthu china chimene sindinachiyembekezere. Chaka choyamba kujambula ndi khadi ndinanyadira kwambiri. Kwa nthawi yoyamba ndinaona pachithunzi kuti m'kalasi imodzi muli makungu ambirimbiri: wina wakuda bii wonyezimira, wina wofiirira ngati mphika wootcha, wina woderako pang'ono, wina woyererako. Chipsera cha pachipumi chinkaoneka, ngakhale timaenje ta m'masaya. Ndinapachika zithunzizo pabolodi. Tsiku lotsatira mtsikana wina anandipeza ku labu, nkhope ili gwaa. "Sala, mwandidetsa." Ndinati ayi, ndi mmene ulili. Anatulutsa foni ya mchemwali wake n'kundionetsa chithunzi china chimene anadzijambula yekha. Munthu wa pachithunzicho anali woyera mbuu, khungu losalala ngati chidole cha m'sitolo, mphuno yochepa. "Ine ndimatuluka chonchi," anatero.

Ndinasowa chonena. Ine ndinkalimbana ndi kamera imene inkabisa ana athu mumdima, osadziwa kuti kwabwera ina yowabisa m'kuyera. Mafoni ambiri ali ndi zosefera zokongoletsa nkhope, ndipo pa ena zimakhala zoyatsa kale. Mwana amene wadziona choncho tsiku ndi tsiku, ukamuonetsa nkhope yake yeniyeni amaona ngati wamulakwira. Ndipo tonse tikudziwa kuti kuchoka pa zosefera za pafoni kukafika pa mafuta oyeretsa khungu a pamsika si patali.

Sindinamulalikire, chifukwa ana a msinkhu umenewu ulaliki umangowadutsa. Ndinamuonetsa chithunzi chokhala ndi khadi chija, n'kumupatsa khadi lenilenilo m'manja kuti ayerekeze yekha bokosi ndi bokosi. Wofiira anali wofiira, wachikasu anali wachikasu, woyera anali woyera. Ndinamufunsa kuti, ngati mabokosi onse 24 atuluka mmene alili, kamera ikanasankha bwanji kunamizira iwe wekha? Anaseka pang'ono, koma sanakhutire. Anatenga chithunzi chakecho n'kuchiika pakati pa kope osachiyang'ananso. Sindikudziwa ngati anachisunga. Mwina akuwerenga pano, ndipo ngati ndi choncho, mwana wanga, mawu anga ndi omwe aja: unatuluka bwino.

Panopa phunziro la kuwala ndimaliyamba ndi kakhadi kameneka. Timakajambula panja, m'kalasi, pansi pa mango ndi pa kandulo, white balance titaitseka pamalo amodzi, kenaka ana amayerekeza zithunzi zinayizo. Amadabwa kuona kuti khadi limodzi latuluka mitundu inayi. Ndikuona kuti amamva msanga kusiyana ndi nthawi imene ndinkangojambula prism pabolodi ndi choko.

Ndipo chaka chilichonse, kuwonjezera pa chithunzi cha gulu, mwana aliyense wa Fomu 4 ndimamujambula payekha, kuyambira m'mapewa kupita m'mwamba. Zimanditengera masiku awiri kapena atatu, ndipo ena amathawa, ndimachita kuwasaka. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Zithunzizo ndimazisunga malo awiri, chikwatu chilichonse chili ndi chaka chake. Ana amaganiza kuti ndimangokonda kamera. Chifukwa chenicheni sindiwauza, si nkhani youza mwana amene akukonzekera mayeso.

Mayi aja ndinakumana nawonso kumsika chaka chathachi. Anandigwira dzanja ndi manja awiri n'kundiuza kuti chithunzi chija anachiika mufulemu, chili pakhoma pabalaza. Akuti alendo akafunsa kuti mwana wanu ndi uti, amawalozera mapewa aja.

Ndiye mphunzitsi mnzanga watsopano, yankho lako ndi limeneli. Chaka chamawa udzagwira kamera ndiwe, ine ndidzagwira khadi. Ana anga akale a kuyambira 2018, amene mukufuna chithunzi chanu mundipeze kusukulu kapena munditumire uthenga, chilipo. A m'mbuyo mwa 2018, mundikhululukire, malaya anu anatuluka bwino kwambiri.

Zabwino zonse, tionananso mayeso akatha.